Chomera cha m'ndowa ya Hortência

Dothi la ku Moatize ndi louma mtima. Ungabzalepo chiyani, dzuwa likuwotcha chonchija, fumbi la malasha likugwa ngati ufa? N'chifukwa chake anthu a ku Zóbuè akapita kwawo sabwerako ndi mbatata zokha, amakwezanso pa chapa, minibasi ya kuno, thumba la dothi ngati katundu waulemu.

Silvino, woyendetsa chigalimoto cha malasha ku mgodi wa ku Chipanga, anachita chimodzimodzi. Anakakumba kuseri kwa nyumba ya malemu mayi ake n'kudzapatsa mkazi wake Hortência. Iye anathira dothilo m'ndowa yobooka, n'kufesamo ndiwo zamasamba zotchedwa kovi. Koviyo anamera, koma kutentha kunamufooketsa mpaka anauma. Munangotsala kachomera kamene palibe anakafesa, masamba ake otambasuka ngati zala.

Marta wa nyumba yoyandikana anasuzumira pampanda. “Ii, vizinya, mwayamba kulima chamba?”

Anafunsa moseka, koma pakamwa pa Marta sipagona nkhani. Posakhalitsa kumpope ankanong'ona kuti Silvino amasuta asanakwere chigalimoto. Tsono mwamuna wa Martayo anali mlonda pachipata cha mgodi womwewo, ndipo kumgodi dalaivala womuganizira zoledzeretsa samusunga. Ntchito imene inkadyetsa banja lonse ikanatha chifukwa cha masamba!

“Zulani chinthucho lero lomwe,” anatero Silvino.

“Tikazula, bambo a Célio, adzati takolola,” anayankha Hortência. “Chisiyeni chikule, chidzinenere chokha.”

Analankhula molimba mtima, koma chomeracho sankachidziwa. Iye ndi mwana wa m'tauni, chamba ankangochimva dzina. Nanga chikadzapezeka kuti n'chomwecho? Komabe ananyamula ndowayo n'kuiika pakhomo penipeni, poonekera aliyense wodutsa, ndipo ankaithirira anthu akuona. Silvino ankalowa m'nyumba atayang'ana kumbali.

Tsiku lina m'mawa pansonga panatuluka maluwa ofiirira, okhala ndi ndevu zazitali ngati za mphaka. Hortência anajambula foto n'kutumiza kwa Catarina, azakhali a Silvino a ku Zóbuè. Foni inalira nthawi yomweyo.

“Mwanawe, wazitenga kuti zimenezi?”

“Zinamera zokha, azakhali. Kuno akuti ndi chamba.”

Catarina anaseka mpaka kutsokomola. “Chamba chinayamba liti kuvala bwino chonchi? Kuno timati luni wa ku misa. Sadyedwa ayi. Apongozi ako anabwera ndi njere zake atamanga pansonga ya chitenje, pobwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha. Lamulungu lililonse ankathyola n'kukakongoletsa pa guwa. Chimwalirireni iwo, mbuzi zinamaliza zonse. Ine ndinkati mbewu inatha.”

Hortência anakhala pansi pafupi ndi ndowa. Apongozi akewo sanawaonepo, anamwalira iye asanakwatiwe, ndipo m'nyumba munalibe ngakhale chithunzi chawo. Mtima wake unadzaza kuthokoza, ngati mlendo amene ankamufuna kalekale wafika yekha osaitanidwa.

Marta anabwera masana, mwamuna wake ali pambuyo. Mlondayo anazungulira ndowa, n'kupukusa mutu poona kuti si chamba, n'kuuza mkazi wake kuti akatsuke nkhaniyo kumpope komwe anaiipitsira. Marta, wopanda manyaziyo, anapempha njere asanatuluke. Hortência anamulonjeza, poti mkwiyo unali utamuthera.

Silvino atabwera kuntchito anamva zonse ali chiimire, fumbi lili mbuu kumaso. Maluwawo sanawakumbuke, amuna ambiri sayang'ana zimene zili kuseri kwa nyumba. Anawerama, n'kufikisa tsamba limodzi ndi zala, n'kununkhiza. Fungo lake linali lamphamvu, losakoma kwenikweni.

“Manja a amayi ankanunkha chonchi akamandimanga mabatani popita ku misa,” anatero. Kenako anatembenukira kwa mkazi wake. “Ndatenda, zikomo, mayi a Célio, kuti simunandimvere.”