Mwala wa Chigayo Chathu

Ndinapeza akukweza mwala wa chigayo pa lole, achimwene anga a Tologon akulamula ngati mudzi ndi wawo.

"Achimwene, mwalawu ukupita kuti?"

"Kumzinda, akausemenso mano, atha. Iwe Burul, ukulusa ngati tikukulanda mwamuna bwanji?"

Onyamulawo anafa nazo kuseka, ine n'kukhulupirira. Mchimwene wako ungamufunse umboni?

Chigayo cha madzicho chinali cha mudzi wonse. Ngalande yake tinkapala limodzi, ndipo ine ndinkachiyang'anira chimwalirireni bambo. Koma malire a dziko lathu ndi Kazakhstan atatsegulidwa, ufa woyera mbee, wotchipa, unadzaza m'masitolo, ogayitsa n'kuchepa. Ndikawafunsa achimwene za mwala uja, yankho linali lomwelo: "Akusema, usandisokose."

Kenaka chilala chinagwa kutsidyako, ndipo anzathu akumeneko amene ankati msika wathu ndi umodzi anakaniza ufa wawo. Masitolo anati mbee. Tirigu tinali naye, pogayira panalibe. Ana anga ankadya wowiritsa, wamng'onoyo m'mimba mukumupota tsiku ndi tsiku.

Ndinakwera basi kukawapeza achimwene kumalo awo odyera, m'mbali mwa msewu wa kumalire. Anandilandira ndi chimwemwe, n'kundikhazika pabwalo pamene oyendetsa malole amamwera tiyi. Nditatsamira tebulo, chigongono chinamva kuzizira. Ndinavundukula nsalu.

Unali mwala wathu. Pabowo lothirira tirigu anaikapo maluwa apulasitiki.

"Achimwene, kumzinda kuja n'kuno?"

"Aa, usayambe. Unkangogona uwu, ukugayira mbewa. Makasitomala amaukonda, amajambulitsapo."

"Mwana wa mlongo wanu akudya tirigu ngati nkhuku!"

"Ndikupatsa thumba la ufa, ndinasungako. Koma usakauze anthu, ungandiunjikire mudzi wonse pano."

Mtima unandiwawa. Si bodza lokhalo ayi. Chinandipweteka n'choti ankayembekezera kuti ndithokoza, ndinyamule thumba langa, anansi anga ndikawadutse mwakachetechete.

"Imwa tiyi, wazizira," anatero, akundinyemera buledi.

Polandira bulediyo ndinagunda mbale ya tiyi, n'kupendekeka. Tiyi anatayikira pamwalapo, nalowa m'timizere tija bambo anasema, n'kuyenda bwinobwino mpaka m'mphepete, momwe ufa unkatulukira. Mano ake anali akuthwabe.