Mbalame ya Kuseri kwa Mpanda

"Bwererani! Mwendowo ubwerere kumene wachokera!"

A Wailesi anaima njo, mwendo umodzi uli kunja kwa mpanda wa maluwa, wina uli mkati. Akazi awo anali pakhonde, manja ali m'chiuno, thovu la sopo likudontha m'zigongono.

"Ndimangoona ngati mpandawu wafika podulira," anatero a Wailesi.

"Mpanda amadulira ndi mwendo? Anesi aja anati chiyani?"

"Anati ndisawerame, ndisapite pafumbi, ndisatikite diso."

"Nanga kuthengoko kuli kapeti?"

A Wailesi anabweza mwendo uja mwaulemu n'kukakhala pampando wawo wa pakhonde. Kuseri kwa mpanda, m'zitsamba za m'mbali mwa ngalande, mbalame ija inaliranso ngati ikuwaseka: huu-huu, kweee!

Dzina loti a Wailesi linachokera ku ntchito yawo. Kwa zaka zambiri ankakonza mawailesi m'kashopu ka pafupi ndi siteji ya basi, mpaka ng'ala inayamba kuphimba maso awo onse awiri. Timawaya tofiira ndi takuda tinayamba kuoneka tofanana, ndipo tsiku lina atawotcha wailesi ya kasitomala, anatseka shopu n'kubwerera kunyumba. Dziko lonse linasanduka chifunga.

Koma makutu aja, amene ankadziwa matenda a wailesi isanatsegulidwe n'komwe, sanapume. Atakhala pakhonde anayamba kusiyanitsa mawu a mbalame za pabwalo, chinthu chimene anali asanachilabadirepo chibadwire. Mayina ankafunsa aliyense wodutsa: wogulitsa makala, mlonda wa pasukulu, mayi wobweretsa mkaka. Posakhalitsa ankati akangotchera khutu, basi: "Ameneyo ndi pumbwa, wadzuka mochedwa lero. Iyo ndi nthengu, ikunamizira kulira kwa mphaka."

Panali mbalame imodzi imene ankaikonda kuposa zonse. Inkayamba ndi mawu ozama, osalala ngati munthu akuuzira m'botolo, n'kumaliza ndi mawu okalipa. Mayi wa mkaka uja anati dzina lake ndi mwiyo, koma a Wailesi ankaitchula kuti Anaunsa, ngati woulutsa mawu pa wailesi.

"Mbalame imodzi, masiteshoni awiri," ankauza alendo. "Imasintha yokha popanda wopotokola batani. Ine mawailesi ndakonza ambiri, koma makina otere sindinawaonepo."

Mwana wawo wamkazi ndi amene anawakokera kuchipatala cha maso. Madokotala anayamba ndi diso lakumanzere, n'kunena kuti linalo adzalichita loyambalo likapola bwino. Tsiku lomatula bandeji, a Wailesi anaphethira kangapo, n'kuyang'anitsitsa akazi awo.

"Mayi, imvi zonsezi mwazitenga kuti?"

"Mwandipatsa ndinu, imodziimodzi."

Anesi anaseka mpaka kugwira khoma.

Chimwemwe chinali chachikulu, koma kunyumba kunabuka vuto limene palibe analiganizira. Katswiri wa mbalame uja sankadziwa mbalame ngakhale imodzi ikakhala chete. Zinkatera pachingwe choyanikapo zovala, iwo n'kumangozipenya ngati alendo a pa ukwati wa eni.

"Nanga aka kosapesa tsitsika ndi kandani?" anafunsa m'mawa wina.

"Si pumbwa wanu uja? Amene mumati ali ndi mawu a mphunzitsi wamkulu?"

"Ameneyu? Wovala zotuwa ngati wangochoka kuchigayoyu?"

Pumbwa anatsegula kukamwa n'kulira. A Wailesi anavula chipewa. "Pepani achimwene, sindinakuzindikireni."

Pang'onopang'ono anayamba kulumikiza mawu ndi nkhope. Koma Anaunsa sankaonekera. Ankalira pafupi kwambiri, mwina mkati mwenimweni mwa mpanda, koma ukayang'ana unkangoona masamba akugwedera. N'chifukwa chake mwendo wa a Wailesi unkapezeka kunja kwa mpanda kawirikawiri, ndipo n'chifukwa chake akazi awo anasamutsira beseni lochapira pakhonde, kuti azichapa diso lili pa mkaidi.

"A sajeni, simupita kumsika lero?" ankafunsa a Wailesi ndi mawu okoma.

"Ndituma mwana wa aneba."

Koma tsiku lina gasi wophikira anatha madzi a tiyi ali pamoto, ndipo panalibe womutuma. Mayi aja anawalozera chala amuna awo, n'kunyamuka ndi silinda. Pobwerera anapeza mpando uli wokha, magalasi akuda oteteza diso ali pamkono wa mpandowo, ndipo silipasi imodzi yakodwa mumpanda.

Anawapeza kungalande atakhala pansi, dzanja lili kumaso. Nthambi imene anaikankha inali itabwerera n'kuwakwapula. Misozi inkayenderera kuchokera m'diso latsopano lija, ndipo linali lofiira psuu.

"Musatikite! Chotsani dzanjalo!"

"Sindikutikita, mayi." Mawu awo anali aang'ono, opanda nthabwala. "Koma ndikuona mbuu."

Mayi aja sanakalipe. Anawagwira mkono, kuwadutsitsa pageti, kuwaveka magalasi ndi nsapato, n'kuimitsa takisi pamsewu.  Dalaivala anayesa kuyambitsa nkhani ya mpira, koma ataona nkhope zawo pagalasi anangochepetsa wailesi.

Pabenchi ya kuchipatala anthu anali ambiri, ena ndi mabandeji, ena otsogozedwa ndi adzukulu. A Wailesi anakhala chowerama, kenako anakumbukira lamulo n'kuwongoka.

"Mukuona ngati ndine mwana," anatero motsitsa.

"Mwana amamva."

"Inu simukudziwa. M'mawa uliwonse ndikamatsegula disoli mtima umagunda, kuti mwina chifunga chija chabwerera. Ndiye ndimati ndiione msanga mbalameyo, ngakhale kamodzi kokha. Zaka zonse zija inu mukapita kuntchito, pakhonde paja tinkatsala awiri, ine ndi iyo."

 Akazi awo anawachotsa kaudzu kamene kanakanirira pakolala.

Anesi omwe aja ndi amene anawalandira. Anawaunika ndi katochi, kutembenuza chikope, n'kutulutsa kachidutswa ka tsamba kochepa ngati nyerere.

"Bala silinatseguke. Muli ndi mwayi, bambo. Mumakatani kuthengo?"

"Amathamangitsa chibwenzi," anayankha akazi awo. "Cha nthenga."

"Chibwenzicho chiuzeni chizibwera kunyumba. Mukabweranso ndi masamba m'diso, linalo sitikhudza." Anawapatsa kabotolo ka mankhwala odonthezera, n'kuitana wotsatira.

Panja a Wailesi anaphethira, n'kuwerenga mokweza chikwangwani cha sitolo ya tsidya lina la msewu, mpaka nambala ya foni yomwe. Kenako anawerenganso china. Akazi awo anachita kuwakoka.

Madzulo ake mayi aja analowa m'kachipinda kosungiramo katundu wa shopu yakale. Munamveka kugubuduka kwa zinthu, ndipo anatuluka akukhwekhwereza dishi ya TV yadzimbiri. Anaitsuka ndi mchenga, kumata kabowo ka pakati ndi phula, n'kuikhazika chagada pa njerwa pafupi ndi mpanda, pamthunzi. Anathiramo madzi, n'kuikamo mwala pakati.

"Dishi imeneyo ndi yabwinobwino," anadandaula a Wailesi. "Imangofuna waya."

"Igwira bwino masiteshoni anuwo popanda waya. Kunja kwatentha, ngalande yauma. Chilichonse chokhala ndi mulomo chibwera chokha. Inu ntchito yanu ndi kukhala."

Mlendo woyamba anali tambala wa aneba. Anamwa, kukwera m'mbali mwa dishi, n'kuigubuduza. Mayi aja anamuthamangitsa ndi tsache, n'kuwonjezera njerwa. Tsiku lotsatira kunabwera mpheta, zaphokoso ngati ana otuluka m'kalasi. Kenako zingolopiyo, tating'ono, pamimba pobiriwira ngati kumwamba, ndipo a Wailesi anaiwala tiyi wawo mpaka anazizira. Njiwa zinkamwa mwaulemu. Pumbwa ankasamba mopanda manyazi, kuwaza madzi mbali zonse.

A Wailesi anapeza njira yawoyawo. Kukatera mbalame yachilendo ankatsinzina, kudikira kuti ilire, n'kutsegula maso akumwetulira. "Ooh, ndiwe choso! Kamlomo kopindikako umabisa kuti nthawi yonseyi?"

Akazi awo ankati alibe nthawi ya zibwana zimenezo. Komabe madzi a m'dishi ankasinthidwa m'mawa uliwonse, ndipo nyemba zosankha, malaya osoka mabatani, zonse zinayamba kugwiridwira pakhonde.

M'mawa wina kunja kutangoyamba kufunda, mayi aja anatuluka ndi kabotolo ka mankhwala. Anawapendeketsa mutu amuna awo n'kugwira chikope. Nthawi yomweyo a Wailesi anawagwira dzanja.

"Musasunthe," ananong'ona.

Pansi pa mpanda panatuluka mbalame yokulirapo kuposa pumbwa. Kumsana inali yakuda bii, kumimba yoyera, ndi kamzere koyera paphiko. Inadumpha kawiri, kuyang'ana uku ndi uku, n'kukwera pamwala wa m'dishi. Inamwa. Kenako inatukula mutu, khosi n'kufufuma.

Huu-huu.

A Wailesi anafinya dzanja la akazi awo. Mbalame ija inatseka mlomo. Ndipo mlomowo uli chitsekere, mumpanda munamveka: kweee!

"Mwaona?" ananong'ona mayi aja. "Sinayasamule."

Masamba anagwedera, ndipo panatuluka inzake, yofanana nayo ndendende. Inatera m'mbali mwa dishi. Yoyamba ija inayambanso, yachiwiri n'kumalizitsa, mosasiya mpata ngakhale wolowetsa singano.

"Ndi ziwiri," anatero a Wailesi, pakamwa pali yasa. "Mayi, ndi ziwiri! Zaka zonsezi ndakhala ndikunamiza anthu!"

"Mbalame imodzi, masiteshoni awiri," anawayeserera akazi awo, mapewa akugwedezeka ndi kuseka kosatulutsa mawu. "Katswiri!"

"Wamakala uja ndimuuza bwanji? Ndinatsutsana naye pa nkhani yomweyi mpaka anachoka osatsanzika."

"Mumuitane adzakhale apa, adzaone yekha. Mpando wina ulipo."

Mbalame zija zinasamba, kukung'untha mapiko, n'kukhala pamwala zikudzikonza nthenga, osafulumira konse. A Wailesi ankaziyang'ana ndi diso lawo limodzi, misozi ikulengeza, koma ulendo uno munalibe tsamba.

"Mumuimbire mwana wathu uja," anatero. "Akafunse tsiku la diso linalo. Zinthu ziwiri sungazione bwino ndi diso limodzi."

"Ndimuimbira. Tsopano kwezani mutu, nthawi ya mankhwala yapitirira."

A Wailesi anakweza mutu n'kutsegula diso, kudikira. Dontho lozizira linawagwera pamphuno. Lachiwiri linagwera patsaya.

"A sajeni, diso lili kuno."

"Khalani chete inu," anatero akazi awo, nkhope ili kumpanda. "Kwabwera ina yamchira wautali. Imeneyo ndiye ndani?"