Magetsi Oyang'ana Kunyanja

Torunn Hegge atasamukira m'nyumba yakumapeto kwa msewu, pafupi ndi doko, Disembala anali atalowa kale. Choyamba kutulutsa m'makatoni chinali magetsi a Khirisimasi a malemu mwamuna wake Sverre: ofiira ndi obiriwira, akalekale, ena omatamata ndi tepi. Anawakoloweka pakhonde loyang'ana kunyanja. Magetsi amenewa akayaka, iye ankamva ngati bamboyo akadali pakhomo.

Sipanathe masiku awiri, kalata inafika kuchokera kwa a Oddvar Skaug, wapampando wa komiti ya eni nyumba. Lamulo la nambala 9 linkati magetsi ofiira ndi obiriwira asayang'ane kunyanja, ndipo akapanda kuchotsedwa pofika Lachisanu komiti idzawachotsa yokha.

Mtima unamupweteka, koma chidwi ndiye chinamukulira. Abale inu, oyera alibe mlandu, abuluu alibe mlandu, nanga mitundu iwiriyi inalakwanji? Anafunsa mayi wa musitolo, iye anangoti ndi zakale zimenezo. Wapositi anaseka, n'kuti a Oddvar anabadwa ndi buku la malamulo kumanja. Mlembi wa komiti anamuonetsa mapepala akale: lamulolo linalembedwa mu 1971, chifukwa chake osatchula. Wina akanagwa ulesi. Osati Torunn, amene funso likamulowa limamusautsa ngati kamwala mu nsapato.

Lachinayi cha m'ma 3 koloko masana, kunja kutada kale monga kumachitira mu Disembala kumayiko ozizira akumpotowa, anakagogoda kwa a Oddvar. Mkuluyo, wamtali, wosaseka ndi munthu, ngakhale khofi sanamupatse. Anangovala jekete n'kumuuza kuti amutsatire. Anayenda mpaka kunsonga ya thanthwe lolowa m'nyanja, kenako anatembenuka n'kuyang'ana kumtunda.

Polowera padoko panali nyali ziwiri zolondolera maboti, yofiira uku, yobiriwira uku. Chakumanzere pang'ono, pamwamba pa miyala, pankaonekanso kofiira ndi kobiriwira. Linali khonde la Torunn.

"Inuyo muli m'boti, chipale chofewa chikugwa, mukanalunjika ziti?" anafunsa a Oddvar.

Torunn anayang'anitsitsa, koma kusiyanitsa kunamukanika.

"Bambo anga analunjika zakumanzerezo," anatero mkuluyo. "Nyumba yomweyo, khonde lomwelo. Ine ndinali ndi zaka naini. Tinangotola chipewa."

Manyazi ndi chisoni zinamugwira pamodzi. Anabwerera chothamanga n'kukazimitsa magetsiwo asanavule n'komwe nsapato.

M'mawa mwake a Oddvar anatulukira ndi makwerero paphewa, akuti asamutsire magetsiwo mbali yoyang'ana kuphiri, poti lamulo silinena kanthu za kumeneko. Ali pamwamba anaona babu lokulungidwa tepi, n'kufunsa mmisiri wa ntchito yotereyi anali ndani. Torunn anawauza dzina.

"Ndiye gwirani bwino makwererowa," anatero a Oddvar, "tingaswe magetsi a Sverre."