A Musadine Aitanidwa ku Intavyu

Kuntchito ankawatcha a Musadine, poti ndiwo mawu amene anthu ankawamva pakamwa pawo tsiku ndi tsiku. Ntchito yawo inali yoteteza makompyuta a kampani ya inshulansi kwa akuba a pa intaneti, ndipo ankaigwira ngati galu wosadziwa kuti mwini nyumba ndi uti, wongouwa aliyense. Mwezi ndi mwezi ankatumizira anzawo imelo yabodza, ina yolonjeza bonasi, ina yonena kuti pasiwedi yatha ntchito. Wodina linki ankapezeka Lachisanu masana m'chipinda cha misonkhano, atakhala pa mpando wapulasitiki, kumvera a Musadine akutchula zizindikiro za imelo ya akuba. Ngakhale abwana aakulu anali atakhalapo pa mipando imeneyi.

Chimene anthu ambiri sankadziwa n'chakuti bamboyu, imvi zili mbuu, ankafuna kubwerera kusukulu. Yunivesite ina inali italengeza malo a maphunziro a udokotala pa kafukufuku wa luso lotseka mauthenga ndi masamu, kuti wakuba ngakhale awagwire asathe kuwawerenga. Chimwalirireni akazi awo, a Musadine akaweruka ankakhala pa tebulo la pabalaza ndi mulu wa mafoni akale, kuyesa njira yotsekera mauthenga imene kafoni kotchipa kangaikwanitse popanda kutentha kapena kutha batire. Mwana wawo wamkazi, amene anali namwino, ndiye anawakakamiza.

"Adadi, mafoni amenewa mucheza nawo mpaka liti? Lembani mutumize."

"Ndakalamba."

"Sanafunse za imvi. Afunsa zimene mukufuna kufufuza."

Analemba, natumiza. Pa malo a nambala ya foni anaikapo ya mwanayo, chifukwa yawo sankaipereka kwa anthu amene sanawaone nkhope. Cholakwa chimodzi chokha chimene anachidziwa n'chakuti anapulintira kuntchito, n'kuiwala tsamba lomaliza m'makina. Amayi a kuakaunti, mayi wa pakamwa pachangu amene anali atagwa m'misampha ya a Musadine kangapo, anadzaliika pa desiki pawo.

"Adokotala, tsamba lanu ili," anatero, akumwetulira.

A Musadine analandira tsambalo. Kumwetulirako anakusunga mumtima.

Patapita milungu ingapo, imelo inafika. Inati komiti yawerenga zimene iwo analemba ndipo yasangalala nazo kwambiri, maganizo awo ndi atsopano, ndiye adine linki ili m'munsiyi asankhe nthawi ya intavyu ya pa kompyuta, Lachisanu lisanafike masana. A Musadine anawerenga kamodzi. Mtima unadumpha, ndipo kudumphako ndi kumene kunawakwiyitsa, chifukwa ankaphunzitsa anthu kuti imelo ikadumphitsa mtima ndiye kuti mbedza yalowa. Anayang'ana adiresi ya wotumiza. Siinali yeniyeni imene anatumizako zolemba zawo, inali ndi kachidutswa kena kutsogolo. Anatukula mutu. Kuseri kwa galasi, amayi a kuakaunti ankaseka ndi anzawo pafupi ndi ketulo.

Basi nkhani inamveka. Anthuwa akubwezera.

Anagwira ntchito yawo mwaluso. Anatseka adiresi ija kuti imelo iliyonse yochokera kumeneko izibwerera. Anaineneza ku malo amene oteteza makompyuta a m'makampani ambiri amachenjezana za akuba. Kenako anaijambula n'kuiika mu phunziro la Lachisanu. Kunyumba sanauze mwana wawo kanthu. Anadya bwino tsiku limenelo, ngati munthu amene wapulumuka ku ngozi.

Lachisanu masana chipinda chinadzaza, poti msampha wa mwezi umenewo unali wa bonasi. Abwana aakulu anakhala kumbuyo, manja atapinda. Amayi a kuakaunti anali kutsogolo ndi kapu ya tiyi. A Musadine anayatsa pulojekita, imelo ija n'kuonekera pa khoma, zilembo zazikulu ngati za pa chikwangwani.

"Iyi inabwera kwa ine," anatero. "Wolemba ali muno."

Anthu anayang'anana.

"Choyamba, kufulumizitsa munthu. Chachiwiri, linki. Chachitatu, adiresi yosiyana pang'ono." Analoza ndi cholembera. "Chachikulu ndi ichi, kutamanda. Akuti asangalala kwambiri. Akuti maganizo atsopano. Munthu akakutamandani chonchi, gwirani thumba."

"Ndiye mukuti walemba ndani?" anafunsa abwana.

A Musadine anangoyang'ana kutsogolo kwawo, pamene panakhala amayi a kuakaunti.

"Ine?" Amayi a kuakaunti anatsitsa kapu. "Achimwene, ine inki ya pulinta imandikanika kusintha, ndimaitana inu. Chizungu chonsecho ndichitenga kuti? Komanso ndikanafuna kukukolani sindikanati mwalemba bwino. Ndikanati pali adzimayi akukufunani."

Anthu anaphulika kuseka. A Musadine anadikira kuti phokoso lithe, nkhope ili gwa. Apo foni yawo inanjenjemera m'thumba. Lamulo lawo linali lakuti m'kalasi foni siyankhidwa, koma anali mwana wawo, amene sankaimba nthawi ya ntchito pokhapokha zitavuta. Anatembenukira ku zenera.

"Mayi, ndili m'kalasi."

"Adadi, mwachita chiyani?" Mawu a namwinoyo ankamveka mpaka mzere wachiwiri. "Andiimbira mayi wina, akuti ndi pulofesa wa kuyunivesite kuja. Akuti anakulemberani, simunayankhe. Analembanso, imelo n'kubwerera, akuti yatsekedwa ngati ya akuba. Ine ndatuluka m'wodi thukuta lili kamukamu, ndimayesa mwafa!"

"Wakupatsa nambala?"

"Andipatsa."

"Usaimbe. Nayenso akhoza kukhala wakuba."

"Adadi!"

Anadula. M'chipinda munalibe woseka tsopano, onse anali tcheru ngati ana amene aona aphunzitsi akuterereka koma sanagwe. A Musadine anakhala pa laputopu. Anatsegula tsamba lenileni la yunivesite, lolemba okha adiresi ndi zala zawo, napeza nambala ya dipatimenti. Anaimba pa foni ya pa tebulo la misonkhano, ija imene ilibe chogwirira kukhutu, imangolankhulira chipinda chonse. Anachita dala, kuti onse amve bodza likuululika.

Wolandira mafoni anawalumikiza kwa pulofesayo. Anali mayi wa mawu otsika, olankhula mosathamanga. A Musadine anatchula dzina lawo.

"Eya, ndinu amene," anatero pulofesa. "Bambo, kuyambira dzana imelo za dipatimenti yathu zikukanidwa m'makampani osiyanasiyana. Anyamata athu a makompyuta akuti wina anatineneza kuti ndife mbava. Mukudziwapo kanthu?"

A Musadine anakhosomola. "Adiresi inali yosiyana."

"Ndi ya dipatimenti. Tili ndi seva yathuyathu yotumizira imelo. Koma ndikufunseni. Imelo zathu zonse zimakhala ndi siginecha ya masamu, ndipo kiyi yotsimikizira ili pa tsamba limene mwapezapo nambala yangayi. Munaiyesa?"

Pa khoma, m'munsi mwa imelo ija, panali kachizindikiro kakang'ono ka siginecha. Kanali pamenepo chifikireni imeloyo. Ndi chinthu chimene chimatenga nthawi yochepa kuposa kuthira shuga mu tiyi, ndipo ndicho chiyambi cha maphunziro onse amene bamboyu ankawafuna. Anatenga kiyi ija, nayesa, anthu onse akuona. Pa khoma panabwera kamzere kobiriwira.

"Zobiriwirazo ndiye kuti chiyani?" anafunsa abwana, ngakhale ankadziwa.

"Ndi yeniyeni," anatero a Musadine, mawu ali pansi.

"Sitinamve kumbuyo kuno, madala!" anakuwa wina.

"Ndi yeniyeni."

Pulofesa anafunsa ngati pali anthu ena kumeneko. A Musadine anati alipo, ndi kalasi. Ya chiyani? Ya kuzindikira imelo zabodza. Ku foniko kunamveka kamphepo ka munthu amene akudziletsa kuseka.

"Ndiuzeni chinthu chimodzi," anatero mayiyo. "Munthu amene analemba masamba aja sangaiwale kuyesa siginecha. Chinachitika n'chiyani?"

A Musadine anayang'ana tebulo. Anaganiza zonena kuti ntchito inachuluka, koma m'chipindamo munali mboni zambiri zodziwa kuti siinachuluke.

"Munalemba kuti mwasangalala nazo."

"Ndiye?"

"Ndinaima pamenepo."

Amayi a kuakaunti anapukusa mutu, n'kunong'oneza woyandikana nawo kuti bamboyu ngakhale angelo atabwera kudzamutenga adzawafunsa chiphaso.

"Dinani linkiyo," anatero pulofesa.

Chala cha a Musadine chinaima pamwamba pa mbewa ya kompyuta. Wina kumbuyo anayamba kuomba m'manja pang'onopang'ono, ena n'kulandira. "Dinani! Dinani!" Abwana aakulu anaimirira kuti aone bwino, wina anatulutsa foni kuti ajambule. A Musadine anatseka maso, nadina.

Tsamba linatseguka. Linati nthawi yosankha yatha.

Kuomba m'manja kunazima ngati wailesi magetsi akathima. A Musadine anawerenga mawuwo kawiri. Anaganiza za mafoni aja ali mulu pa tebulo la pabalaza, ndi za mwana wawo amene adzafika madzulo ndi nsapato zoyera m'manja, osakalipa, n'kungowayang'ana, zomwe zimapweteka kuposa kukalipa.

"Ndimafuna muone nokha," anatero pulofesa. "Tsambalo linatseka masana, ndipo ine sindingalitsegule. Lamulo ndi lamulo, inu mukudziwa kuposa ine."

"Ndikudziwa."

"Koma komiti yakhala lero kufunsa gulu loyamba, ndipo sinabalalike. Tatsala ndi kanthawi tisanatseke. Lamulo silikuletsa kuti munthu amene tinamuitana timufunse lero. Ndipempha anzangawa. Akalola, muyatse kamera tsopano lino. Mawa kulibe."

Kamera yabwino m'kampani monse inali ya m'chipinda chomwecho. A Musadine anatembenukira kalasi yawo.

"Tulukani."

Palibe anasuntha.

"Munatiitana nokha," anatero amayi a kuakaunti. "Munati wotuluka nthawi isanakwane abwereza mwezi wamawa. Ife tikumvera lamulo."

Abwana anagwedeza mutu kuvomereza, nakhalanso pansi. Nthawi yokangana panalibe. Komiti inalola, pulofesa anatchula manambala olowera, ndipo pa khoma panaoneka nkhope zitatu zotopa, zitakhala pa tebulo lodzaza makapu. Pulofesa anali mayi wochepa thupi wa magalasi okhuthala, wamng'ono kwa a Musadine ndi zaka zambiri. Amayi a kuakaunti anadzuka mwachangu, nawongola kolala ya a Musadine imene inali itapindikira mkati, n'kubwerera pa mpando.

"Tisanayambe," anatero pulofesa, "mutichotse pa mndandanda wa mbava uja lero."

"Ndichotsa."

"Chabwino. Tiuzeni, mukufuna kufufuza chiyani?"

"Mafoni akale," anatero a Musadine, n'kutseka pakamwa.

Nkhope zitatu zija zinadikira. A Musadine nawo anadikira. Kwa iwo yankho linali litatha.

"Pitirizani, inu!" ananong'ona amayi a kuakaunti, mano atalumana.

A Musadine anapitiriza. Anati kafoni kotchipa kali ndi mutu waung'ono, ndiye masamu amphamvu otsekera uthenga amakalemera, kamatentha, batire n'kutha. Anati anthu akaona choncho amazimitsa chitetezo, n'kumatumiza zinsinsi zawo poyera. Anati iwo apeza njira yogawa masamuwo m'tizigawo, ndipo pa mafoni ena imayenda, pa ena imakana, ndiye chimene akufuna kudziwa n'chifukwa chake imakana. Bambo wina wa m'komiti anasendeza kapu yake pambali, nafunsa kuti imakanira pati. A Musadine anaimirira, natenga cholembera, n'kupita ku bolodi. Abwana aakulu ananyamuka okha kukatembenuza kamera kuti iwatsatire.