Khutu la Kuzenera

Mutu wa sitima nambala 512 unafika m'dziko muno mu 1980 kuchokera ku Canada, pamodzi ndi ina ya mtundu womwewo. Anthu a pa Salima amati umayendera dizilo. A Sulaiman, amene anauyendetsa kuyambira mu 1997, ankawakonza mosapsa mtima: dizilo amazunguza injini, injini imazunguza jenereta, koma chotembenuza magudumu ndi magetsi.

Chipinda cha woyendetsa chili cha kumapeto. Kutsogolo kwake kuli mphuno yaifupi, kumbuyo kuli thupi lalitali momwe mumakhala injini. Dalaivala amakhala kumanja, womuthandiza kumanzere. Motero zaka zonsezo khutu lamanzere la a Sulaiman linkamvera mnzawo, lamanja lili pazenera, polowera phokoso la hutala ndi la injini. Khutu lamanjalo linayamba kulira mu 2019. Pofika 2022 linali litatsekeratu. Sanauze munthu, ngakhale akazi awo ku Senga Bay. Inatsala miyezi 14 kuti apume pantchito, ndipo ankafuna kudzatsika pasitima ali dalaivala, osati kukamalizira pabenchi ya mu ofesi.

Lachiwiri pa 6 Febuluwale 2024 anapatsidwa mabogi asanu ndi anayi a simenti oti akawasiye ku Chipoka. Njanji yotembenuzira mitu ya sitima inali itakokoloka ndi mvula, choncho 512 inayenera kuyenda chambuyo, thupi lalitali lili patsogolo. Poyenda chotero dalaivala amatembenuza mpando n'kuyang'ana kumene amafulatira masiku onse. Womuthandiza amakhala tsopano kumanja kwake.

Wothandiza tsikulo anali Rute, mayi wa zaka 36 wa ku Chinguluwe, amene anali atagwira nawo ntchito zaka zinayi.

"Lero gogo wathu akuyenda ngati nkhanu," anatero Rute akupukuta galasi.

"Mulemekezeni, amake Chrispin. Anayamba ntchito inu musanabadwe."

"N'chifukwa chake amatsokomola chonchi m'mawa. Nonse awiri ndinu a kumyuziyamu."

A Sulaiman anaseka. Anamva bwino chifukwa ankamuyang'ana pakamwa. Ananena Bisimila, n'kumasula mabuleki nthawi ili 9:40.

Lamulo la ntchitoyi n'losavuta. Mbali imene dalaivala sakuiona, wothandiza amanena zimene akuona, dalaivala n'kubwereza mawuwo. Poyenda chambuyo thupi lalitali limabisa mbali yonse ya wothandiza, makamaka pokhota. Kwa mphindi makumi atatu zinayenda bwino. A Sulaiman ankaidziwa njanjiyo, ndipo ankacheuka pamalo pomwe ankadziwa kuti Rute alankhula.

Nthawi ya 10:12, pamalo pamene palibe msewu wodutsa, anthu anali atadzipangira njira yawoyawo yopita kudooko. Ngolo ya ng'ombe ziwiri, itanyamula madengu a usipa, inali itakodwa gudumu panjanji. Rute anali atatulutsa mutu pazenera.

"Ngolo panjanji! Imani!"

A Sulaiman ankayang'ana kutsogolo, dzanja lili phee pachogwirira.

"Bambo, imani!"

Kachitatu sanafuule. Anakoka buleki ya ngozi ya mbali yake. Mpweya unatuluka mwaphokoso, mabogi anagundana, ndipo sitima inakhwekhwereza magudumu mpaka kuima. A Sulaiman atatsika anayeza mtundawo poyenda, akuwerenga mapazi: kuchokera pamutu wa sitima kukafika pangolo panali mapazi 23.

Mwini ngoloyo, bambo wovala kofia yoyera, anayamba kulalata.

"Sitima yanuyi bwanji ikuyenda chambuyo? Ine ndimayesa ikupita uko!"

"Alihamudulila kuti muli moyo wotifunsa," anatero a Sulaiman. "Gwirani uko, tinyamule."

Atatuwo ananyamula gudumulo, ng'ombe zinakoka, ngolo inatsetsereka kulowera kunyanja.

M'chipinda muja Rute anatulutsa buku la ulendo. Buleki ya ngozi ikakokedwa pamayenera kulembedwa nthawi, malo, amene anaikoka ndi chifukwa chake. Analemba zitatu zoyambazo n'kuima.

"Ndinafuula kawiri," anatero.

"Ndikukhulupirira."

"Mukukhulupirira. Koma simunamve."

Injini inkangodukuduka pansi pa mapazi awo.

"Ndinayamba kukayika chaka chatha," anapitiriza Rute. "Munthu akakupatsani moni kumanja, mumayankha mawa lake. Ndinkati ndi ukalamba wamba." Anatembenuza cholembera m'dzanja. "Ndikhoza kulemba kuti nthawi yofuula panalibe, ndinangokoka. Palibe angatsutse. Miyezi 14 si zaka, bambo. Njanji yotembenuzira ikakonzedwa, ndibwereranso kukhutu labwinolo."

"Ikonzedwa liti?"

"Akuti sabata ziwiri."

"Mawa ndili ndi ndani?"

Rute anaganiza pang'ono. "Ndi a Kamal."

"A Kamal akadafuula kangati asanakoke?"

Rute anayang'ana kunja. Onse ankawadziwa a Kamal, wothandiza waulemu amene sangagwire buleki dalaivala wamkulu ali pampando. Akadafuula kanayi, mwina kasanu.

A Sulaiman anawerengera mokweza, monga ankachitira pophunzitsa. Liwiro linali makilomita 25 pa ola, ndiye kuti mamita asanu ndi awiri pa sekondi iliyonse. Mapazi 23 ndi mamita osakwana makumi awiri. Masekondi atatu.

"Kufuula kamodzi kokha kowonjezera," anatero. "Bweretsani bukulo."

"Bambo, akuchotsani pampando lero lomwe."

"Ndikudziwa. Ndinaona dalaivala mnzanga, a Tausi, atachotsedwa chifukwa cha maso. Sanafe nazo."

"Anangonenepa."

"Ndiye nanenso ndikanenepa. Bweretsani."

Analemba ndi zilembo zazikulu, zosapendekera: Wothandiza anachenjeza kawiri. Dalaivala sanamve. Khutu lamanja la dalaivala silimva kuyambira 2022. Anasaina, n'kupereka bukulo kuti Rute asainenso. Iye anawerenga kawiri asanaike dzina lake.

Kenako a Sulaiman anaimba foni ku siteshoni ya Salima, ataigwirira kumanzere, nanena zomwezo mawu ndi mawu. A kusiteshoniko anawauza kuti asasunthe sitimayo, atumiza dalaivala wina pagalimoto.

Anamanga mabuleki onse, anayendera mabogi asanu ndi anayi kuona ngati magudumu sanaphwanyike, n'kubwerera. Rute anali atakhala pamasitepe, akusenda chinangwa chophika. A Sulaiman atakhala naye pamasitepepo, Rute anasuntha n'kukhala kumanzere kwawo.

"Mai akunyumba mukawauza bwanji?"

"Ndikayamba n'kuwapepesa. Zaka ziwiri akhala akunena kuti ndimawanyozera."

Galimoto inafika 11:50. Dalaivala watsopanoyo anakwera, ndipo a Sulaiman anamuuza kuti buleki ikugwira bwino, madzi a injini ali pamlingo wake, komanso kuti pamalo amenewo pali njira yatsopano ya ngolo yofunika kulizira hutala. Anatenga chikwama chawo n'kukakwera galimotoyo kubwerera ku Salima.