Mikwingwirima ya Hortência

Hortência anakwera kabedi koyezerapo odwala movutikira, miyendo ikunjenjemera. Chapa, minibasi ija, inali itamugwedeza kuchokera ku Mandimba mpaka ku Cuamba, ndipo njira yonse achimwene ake, a Maliko, sanatseke pakamwa.

"Adokotala, ife tangobwera kuti mutsimikize," anatero a Maliko. "Mlamu wanga Élio akumumenya mlongo wangayu. Taonani mikwingwirimayo! Mukangoti inde, ukwati watha lero lomwe."

Hortência anali atakana mpaka mawu kusasa. Élio, munthu woopa ngakhale kupha nkhuku! Koma ndani akanamumvera mikono ili bii?

Dokotala, mayi Débora, anawatulutsa a Maliko. Anayang'anitsitsa nkhope ya Hortência, yofufuma ngati mandasi, nakhudza linunda la mafuta kumbuyo kwa khosi. Atamasula kapulana, chitenje chimene Hortência anavala, anaona chimimba chodzaza mizere yofiirira ikuluikulu, koma miyendo yowonda. Anatsina khungu la padzanja, linali lopyapyala zedi.

"Tanjutani, kenako muimirire osagwira kanthu."

Hortência anatsika n'kunjuta, koma kudzuka kunakanika mpaka dokotala anamukwezanso pabedi.

"Mumamwa mankhwala anji, mayi?"

"Palibe. Timapiritsi tonenepetsa basi, ta kumsika wa kumalire. Ndinayamba kalekale."

"Ndi timeneto. Muli mankhwala amphamvu ofanana ndi kotizo, ndipo akuchulukirani m'thupi. Khungu lafooka, kungogunda chitseko, mkwingwirima. Musasiye kamodzin'kamodzi, n'zoopsa. Tizichepetsa pang'onopang'ono, tiyezenso shuga ndi kuthamanga kwa magazi."

A Maliko ataitanidwa n'kumva zonse, mkwiyo unangosintha njira.

"Iwe, zopusazi unayambiranji? Wandiyendetsa ulendo wonsewu pachabe!"

Hortência anali atatopa, moti ngakhale kulira kunamulaka. Anayankha motsitsa mawu.

"Pamaliro a amalume paja, ndani anaima pagulu n'kunena kuti ndawonda, Élio sandidyetsa, ndikapanda kunenepa mudzanditenga? Ndinanenepa kuti mundisiye pabanja panga. Munasekerera, mumvekere tsopano akukusunga bwino. Lero mwabweranso kudzanditenga."

 A Maliko anangokanda m'mutu, maso ali pansi.

Hortência anamanga kapulana yake, natsika pabedi atagwira mkono wa dokotala.

"Ndiwondanso, achimwene. Muzolowere," anatero. "Ndipo tikafika ku Mandimba, muyambe mwapita kwa Élio. Mwamutcha womenya mkazi mudzi wonse ukumva, mukamupepesenso mudzi wonse ukumva."