Khutu Silibwerekedwa

Pilira analigwira khutu Loweruka m'mawa, amayi ake akusankha kachewere pakhonde. Anakuwa mpaka nkhuku zinabalalika.

"Amayi! Amayi! Taonani, chafika!"

Dorika anatukula mutu. Mwana wake anali ataima njo pansi pa mtengo wa pichesi, mkono wamanja ataudutsitsa pamwamba pa mutu, ndipo kansonga ka chala chapakati kanali katakhudza khutu lakumanzere.

"Wapendeketsa mutu iwe."

"Sindinapendeketse!"

Dorika anadzuka, napukuta manja pachitenje, n'kugwira chibwano cha mwanayo kuchiwongola. Chala sichinachoke pakhutu.

"Eya, chafika. Thamanga kudimba ukawauze abambo ako asanamve kwa anthu."

Sukulu ya kwawo inali yaing'ono, yomangidwa ndi makolo m'tsinde mwa phiri, kuseri kwa msika wa Mayani. Nyumba zinalipo ziwiri. Ina inali ya ana a mkaka, kumene madamu Jesinta ankawaphunzitsa nyimbo ndi kupukuta mamina. Inayo inali ya pulaimale. Pakati pake panadutsa ngalande yotsitsa madzi a kuphiri, ndipo pangalandepo panagona thabwa limodzi la paini. Tsiku lotsegulira sukulu, mwana wofuna kuchoka ku mkaka kupita Sitandade 1 ankayenera kuwoloka thabwalo. Kumutu kwake kunkaima a Zikhalo, mphunzitsi wamkulu, ndi lamulo lawo limodzi lomwe silinasinthepo: dzanja lidutse paliwombo, ligwire khutu la tsidya linalo. Wagwira, woloka. Walephera, bwerera pamphasa ya madamu Jesinta ukaimbenso chaka china.

Zaka Pilira anali atakwanitsa nthawi yokolola chimanga. Vuto linali msinkhu. Anatengera kwa abambo ake, a Benedicto, mtundu wa anthu oti akalowa m'munda wa nyemba mpaka uwaitane kuti udziwe pamene ali. Mnzake wapamtima Munira, mwana wa Asha telala wa pamsika, anali wamtali ngati nsungwi, ndipo khutu analigwira kalekale akusewera chabe. Awiriwa ankakhala pamphasa imodzi, phala ankadyera limodzi, ndipo Munira anali atalonjeza kumusungira malo padesiki. Ndiye tchuthi chonse Pilira anathera kulendewera panthambi ya pichesi kuti mikono italike, mpaka nthambiyo inawerama osadzukanso.

Lamulungu anthu atatuluka ku Misa, kunafika njinga yamoto itanyamula azakhali ake a Pilira, a Jacqueline, omwe anali ndi saluni ku Dedza boma. Anatsika ndi jumbo yodzaza meshi wakuda bii, wonyezimira.

"Mwana wa mlongo wanga ayambe sukulu mutu uli ngati chisa cha mpheta? Ine ndili moyo? Bwera kuno iwe, khala apa."

Analuka masana onse. Pilira misozi inkalengeza akamakoka, koma sanalire. Pomaliza a Jacqueline anasonkhanitsa zingwe zonse n'kuzikulunga paliwombo penipeni, mfundo yaikulu ngati nkhata yosenzera mtolo wa nkhuni, nabayapo timikanda tofiira. Anamupatsa kagalasi. Pilira anadziyang'ana nthawi yaitali, kenaka anayamba kuyenda pabwalo pang'onopang'ono ngati wasenza ndowa yodzaza.

"Koma ndiye mwabereka bwana," anatero a Benedicto. "Amake Pilira, tabwerani mudzaone adona."

Dorika anali kusoka matumba a kachewere opita kumsika. Anayang'ana kamodzi. "Wakongola," anatero, nabwerera kusingano yake. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza zomuuza mwanayo kuti ayesenso khutu.

Lolemba kunacha ndi kamphepo ka Seputembala kamene kamakweza fumbi ndi madiresi omwe. Pilira anadzuka khosi likuwawa chifukwa anagona chafufumimba kuteteza mfundo yake. Tiyi sanamalize. Anatsogola njira yonse, kope ndi pensulo zili m'kajumbo ka shuga, amayi ake ndi azakhali ake akubwera m'mbuyo, abambo ake atanyamula chikwakwa chokatchetchera bwalo la sukulu.

Njira zonse zotsika m'phiri zinali mbwee ana. Ena anavala yunifolomu zogulira kukula, makabudula ofika m'mawondo, malaya omwe manja ake anapindidwa kawiri. Amayi a komiti ya phala anali atasenza nkhuni. Makoma anali mbee ndi laimu watsopano, ndipo ana a Sitandade 4 anali atayamba kale kuwomba ng'oma, ngakhale palibe anawauza. Pansi pa mtengo Asha anali atakhala ndi dengu la mayunifolomu omwe anamaliza mochedwa, sizasi ili lende pakhosi pachingwe, akuitana eni ake.

"Amake Pilira! Mwatibweretsera mkwatibwi?"

"Funsani alamu angawa, ine ndilibemo."

Munira anathamangira mnzake, naima patali pang'ono, pakamwa yasa. "Ndigwireko?"

"Gwira pang'ono. Usafwanyule. Ndipo Muni, ndinaligwira khutu! Loweruka!"

Awiriwo anagwirana manja n'kudumphadumpha, timikanda tikuchita phokoso.

A Zikhalo anatuluka atavala jekete lawo la tsiku lotsegulira, lomwe mabatani ake sankakumananso. Anaima kumutu kwa thabwa, nakweza dzanja, ng'oma n'kuleka.

"Makolo, takulandirani. Ana a mkaka, pamzere! Amene akulira alire ali pamzere."

Woyamba anali Tony, yemwe anagwira khutu akulira, nawoloka akulirabe, amayi ake akuimba nthungululu. Kenaka Rafaelo anapendeketsa mutu mpaka khutu linatsala pang'ono kugunda phewa. Anthu anaseka. A Zikhalo anamuwongola, ndipo chala chinathera pamwamba, kutali ndi khutu.

"Chaka chamawa, bambo. Madamu Jesinta akukufunabe."

Amake Rafaelo anamukoka mwana wawo, nakaima pambali atapinda manja, maso ali pathabwa.

Munira anagwira khutu ngati akuthamangitsa ntchentche, nawoloka. Koma atafika tsidya linalo sanapite kukalasi. Anaima pomwepo m'mphepete mwa ngalande, kudikira.

"Wotsatira. Ee, koma lero kwabwera alendo! Dzina, mayi?"

"Pilira Benedicto!"

"Tiyeni nazo, a Pilira Benedicto."

Pilira anaponya mkono m'mwamba monyadira. Mkonowo unakwera pamfundo ya meshi, nukhala pamenepo. Zala zinalendewera m'malere, ndipo pakati pa chala ndi khutu panatsala mpata woti kachewere wambewu n'kulowapo. Anakoka. Anaima ndi zala za kumapazi ngati kuti zithandiza. Anayesa kudutsitsa mkono kutsogolo kwa mfundoyo, pamphumi.

"Paliwombo, mwana wanga," anatero a Zikhalo mofatsa. "Zapamphumi ngakhale khanda limagwira."

Ng'oma yomwe inali itakonzeka kulira inangoti zii. Pilira anayang'ana amayi ake.

"Aphunzitsi," anatero Dorika akubwera kutsogolo, "mwanayu analigwira Loweruka. Ndinamuwongola mutu ndine ndemwe."

"Loweruka ine kunalibe, mayi."

A Benedicto anapisa m'thumba. "Buku lake la kusikelo lilipo apa, ahedi. Zaka zakwana."

"Bambo Benedicto, mabuku a kusikelo ndawaona ambiri. Ena ananyowa, ena anadyedwa ndi chiswe, ena amabwerekana pachibale. Nyengo yokumba kachewere ino aliyense amati mwana wake wakula, kuti atanganidwe kumunda mwana ali kusukulu. Koma khutu silibwerekedwa."

"Nanga simukuona kuti chatchinga ndi tsitsi?" anatero a Jacqueline. "Munthu wamaso akuona yekha!"

"Ndikuona, mayi, ndipo mwaluka bwino. Koma ine ndilibe mlandu ndi tsitsi. Ndimayang'ana chala ndi khutu."

"Auzeni!" anakuwa amake Rafaelo ali pambali paja. "Wanga mwamubweza ine ndikuona. Uyu awolokere chisoti?"

A Zikhalo anatambasula manja ngati akunena kuti mwadzimvera nokha. "Aime pambali. Ndikamaliza mzerewu ndiliza belu, ndipo belu likalira zathabwa zatha, tikayambe maphunziro."

Dorika anayang'ana mzere. Unali utafupika. Anatembenukira kwa a Jacqueline.

"Alamu, kumasula kungatenge nthawi yaitali bwanji?"

"Kumasula? Ndaluka masana onse! Ngakhale titagwirizana atatu, phala lipsa tisanafike pakati."

Dorika anawasiya pomwepo. Anapita pansi pa mtengo paja. "Amake Munira, tabwerekeni sizasi."

Asha anavula chingwe pakhosi osafunsa. "Yakuthwa, samalani khutulo. Likufunikabe."

"Alamu!" A Jacqueline anaima kutsogolo kwa mwana. "Simungatero! Mfundoyo yalukidwa ndi tsitsi lake lomwe. Mukadula atsala ndi dazi pakati pamutu ngati bambo wachikulire!"

"Mutu ndi wake. Anene yekha."

Dorika ananjuta kuti maso awo alingane. Sanamunyengerere, sanamupukute misozi.

"Pilira, tamvera. Zilipo ziwiri. Ukhoza kusunga tsitsili, ukakhale wokongola kwa madamu Jesinta chaka china. Palibe akumenye. Kapena ndidule, anzako akuseke, uwoloke. Sankha msanga, mzere ukutha."

Pilira anakweza dzanja n'kusisita timikanda tija. Anayang'ana azakhali ake. Kenaka anayang'ana tsidya la ngalande, kumene mphunzitsi wa Sitandade 1 ankamukoka Munira pamkono, Munira atalimbitsa miyendo ngati mbuzi yokana kupita kumsika.

"Lidzameranso?"

"Lako lidzamera. La azakhali akoli ndi lakusitolo, silimera."

"Mukadula mundipatse ndisunge."

"Ndikupatsa."

"Dulani."

Sizasi ya telala inazolowera nsalu, osati meshi. Inatafuna, inatafuna, Dorika akuluma mlomo, a Jacqueline atagwira kumutu n'kumaitana Mayi Maria. Mwana womaliza pamzere anali akuwoloka pamene mfundo ija inathothoka yonse n'kugwera m'manja mwa Dorika. Zingwe zotsala zinagwa m'mbali ngati ngayaye za chimanga, ndipo pakati pamutu panatsala bwalo loyera.

Ana a Sitandade 4 anafa nacho chikhakhali. A Zikhalo anali atatola kale kachitsulo kolizira belu.

"Aphunzitsi!" Anali Pilira mwiniwake. "Sindinathe ine!"

A Zikhalo anayang'ana mutuwo, nayesetsa kumanga nkhope, koma masharubu ankagwedera. "Bwerani, a Pilira Benedicto. Amake Rafaelo, sunthirani pafupi, mukhale mboni."

Amake Rafaelo anabweradi, nawerama, diso lili pakhutu. Pilira anaima njo. Anaponya mkono. Unadutsa pabwalo loyera lija, chala chinatsika, chinakhudza, kenaka chala chinzake chinafikanso, ndipo analitsina khutulo n'kuligwira zolimba.

"Mutu uli bwino?" anafunsa a Zikhalo.

"Uli bwino," anavomera amake Rafaelo monyinyirika. Kenaka anawonjezera, "Kameneka n'kamfiti," ndipo nthungululu yoyamba inatuluka pakamwa pawo.

Ng'oma inalira. A Benedicto anavina ndi chikwakwa m'manja mpaka anthu anathawa pafupi nawo. Asha ankawomba m'manja pamwamba pa mutu. Ngakhale a Jacqueline, misozi ili m'masaya, ankakuwa kuti, "Ndi wa kwathu ameneyo! Ndi magazi athu!"

Dorika anaika mfundo ya meshi m'kajumbo ka shuga, pamodzi ndi kope ndi pensulo, namukoleka mwanayo padzanja lamanzere. "Pita. Ukaweruka udzere kwa amake Munira akakumete zotsalazi."

Pilira anakwera pathabwa dzanja lamanja likadali pakhutu, chigongono chili m'mwamba, akuyenda chammbali ngati nkhanu.

"Lisiye tsopano khutulo," anatero a Zikhalo. "Silithawa."

"Ndikalisiya m'kalasi!"

Tsidya linalo Munira anamulandira, namuzungulira kuyang'ana pamutu.

"Ukuoneka ngati agogo anga aamuna."

"Malo aja wasunga?"

"Kutsogolo, pafupi ndi zenera."

Belu linalira, ndipo awiriwo anathamangira kukalasi, wina wamtali, wina chigongono chili m'mwamba.